Bambo akatseka chikwama, mwana amapita kuti?

Abale anga a m'malire, kuyambira ku Zóbuè, Tsangano mpaka ku Calómuè, lero ndikufuna tikambirane za buku. Ena mufunsa kuti buku la ku Amereka, lolembedwa m'Chingerezi, likutikhudza chiyani ife olima chimanga ndi kachewere. Dekhani, mumve kaye nkhani yake.

Dzina la bukuli ndi How I Paid for College, kutanthauza kuti m'mene ndinalipirira sukulu ya ukachenjede. Analilemba Marc Acito ndipo linatuluka m'chaka cha 2004. Ndi nthano yopeka, yoseketsa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Koma ine nditafika kumapeto, kuseka kunandithera, ndinayamba kuganiza za ana athu.

Nkhani ikuchitika m'chaka cha 1983, m'katauni kena ka ku New Jersey, pafupi ndi mzinda wa New York. Mnyamata wa zaka 17, Edward Zanni, ali ndi khumbo limodzi lokha: kukhala katswiri wa zisudzo wodziwika dziko lonse. Kuti zitheke afuna kukaphunzira ku Juilliard, sukulu yotchuka ya nyimbo, magule ndi zisudzo ya ku New York komweko, kumene anaphunzira anthu monga Robin Williams ndi Viola Davis. Tsono bambo ake, munthu wopeza bwino, akwatira mkazi wina, nanena poyera kuti ndalama za sukulu ya zisudzo satulutsa. Ngati mwana afuna thandizo, aphunzire za malonda. Mai ake omubala ali kutali ku Peru ndipo sapezeka. Thandizo la ana osauka sangalandire, pakuti pa pepala iye ndi mwana wa munthu wolemera.

Nthabwala ziyambira pamenepa. Edward ndi anzake a zisudzo ayamba kusaka ndalama m'njira zokhota. Avala mikanjo ya ansembe ndi ya masisteri kuti asadziwike, alemba makalata achinyengo, asuntha ndalama za eni ake, aopseza munthu kuti amuululira chinsinsi. Luso lonse limene anaphunzira pa bwalo la zisudzo aligwiritsa ntchito ponamiza akuluakulu. Wowerenga amaseka, chifukwa ana amenewa si mbava zenizeni, ndi ana opulukira amene akuyesa zauchigawenga mosadziwa.

M'kati mwa chipwirikiti chimenechi muli nkhani ina imene ife sitikonda kuitchula pa bwalo. Edward ali ndi chibwenzi, mtsikana dzina lake Kelly, koma mtima wake ukukokeranso kwa mnyamata mnzake, Doug, wosewera mpira. Iye mwini sakumvetsa chimene chikumuchitikira. Mlembi wa bukuli naye ndi mwamuna wokonda amuna anzake, ndipo sabisa. Tinene zoona: bambo wa m'bukuli sanakane ndalama chifukwa cha chimenechi, anakana chifukwa cha zisudzo. Koma mwana amene wakanidwa pa nkhani ya sukulu, kodi angalimbe mtima kukauza bambo yemweyo nkhani ya mumtima? Edward achoka pa khomo pa bambo ake, nakapeza pogona ndi omumvera kwa anthu ena.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo bambowo, pakuti sanalakwe zonse. Njira yofuna kutchuka ndi yopapatiza. Mlembi yemweyo akuvomereza zimenezi m'buku lachiwiri, Attack of the Theater People, la m'chaka cha 2008. M'menemo Edward achotsedwa ku sukulu imene anaivutikira ija, napeza chakudya posangalatsa anthu pa maphwando a eni ake. Moyo wa Marc Acito nawo ukutiphunzitsa chimodzimodzi. Anabadwa mu 1966, anayamba ndi kuimba nyimbo za opera, buku loyamba analitulutsa ali ndi zaka 38. Sewero limene analemba ndi anzake, Allegiance, linafika ku Broadway, kumene kuli nyumba zazikulu za zisudzo ku New York, mu 2015, ndipo linatsekedwa mu 2016 patangopita miyezi yochepa. Ameneyu ndi mmodzi mwa amene zinawayendera bwino!

Ifenso tikuwadziwa anyamata otere. Anayamba ndi banjo ya chigubu cha mafuta, anthu pa msika nkuwaombera m'manja, iwo nkukwera basi ya ku Tete, ku Blantyre kapena ku Joni kuti akajambule nyimbo. Amene timawamva pa wailesi ndi owerengeka. Ambiri anabwerera ndi chikwama chopanda kanthu, ena sitidziwa kumene ali. Kholo limene liuza mwana kuti nyimbo sadya, aphunzirenso ntchito ya manja, likunena za nzeru. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pamene ndikusiyana ndi bambo wa m'bukuli ndi apa. Iye anaganiza kuti akatseka chikwama, mwana asintha maganizo. Mwana sanasinthe. Khumbo la zisudzo linakhalapobe, mtima wake unakhala momwemo. Chinasintha ndi chimodzi: mwana analeka kufunsa nzeru kwa bambo ake, nayamba kufunsa kwa anzake a msinkhu wake. Ndiwo anamulangiza za chinyengo zija. M'buku zimathera m'kuseka chifukwa mlembi anafuna choncho. Pa moyo weniweni mnyamata wa zaka 17 amene alibe kwao amathera m'ndende, m'mowa, kapena m'manja mwa munthu wamkulu womudyera masuku pamutu.

Ngati zili choncho kwa mwana wofuna kuimba, nanga kwa mwana amene mtima wake ukonda mwamuna mnzake? Musaganize kuti ku Amereka zinali zophweka. M'chaka cha 1983 matenda a Edzi anali atangodziwika kumene, ndipo anthu ambiri ankaloza chala amuna otere. M'madera ena a dzikolo lamulo linkawaletsa mpaka mu 2003, pamene khoti lalikulu linathetsa malamulo amenewo. Bukuli linatuluka chaka chotsatira. Mlembi anasankha kufotokoza zaka zowawazo moseketsa, ndipo ndikuona kuti anachita mwanzeru. Munthu ukaseka naye kwa masamba mazana awiri, kumakhala kovuta kumuona ngati chilombo. Umayamba kumuona ngati mwana wa mnansi wako, wopusa pena, wochenjera pena, wofuna kukondedwa monga wina aliyense.

Ife a m'malire nkhaniyi ili ndi mbali ina imene tiyenera kuidziwa. Kuno ku Mozambique, lamulo lakale la atsamunda la mu 1886, limene likanatha kugwiritsidwa ntchito polanga anthu otere, linachotsedwa pamene malamulo atsopano a milandu anayamba kugwira ntchito mu Juni 2015. Kukonda mwamuna mnzako kapena mkazi mnzako si mlandu m'dziko lino. Koma kungodumpha msewu kulowa m'Malawi, zinthu ndi zina. Kumeneko mwamuna angathe kulamulidwa kukhala m'ndende mpaka zaka 14. Mu 2010 khoti la ku Blantyre linapereka chilango chimenechi kwa anthu awiri, ndipo anatuluka chifukwa pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linakana kuthetsa lamuloli. Tsono taganizani. Mwana wathu akathamangitsidwa pa mudzi, kawirikawiri sathawira ku Maputo, nkutali. Amathawira kwa amalume ake ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza. Kholo lomuthamangitsa limamuchotsa kumene lamulo silimugwira, nkumukankhira kumene angamangidwe.

Ndikudziwa kuti ambiri muti chipembedzo chathu ndi mwambo wathu sizilola zimenezi. Sindinabwere kudzatsutsana ndi abusa, ansembe kapena anyakwawa. Zimene mumakhulupirira ndi zanu. Funso langa ndi laling'ono: kodi pali mwana amene anasintha mtima chifukwa anamumana nsima? Ine sindinamuonepo. Amene ndawaona ndi makolo okalamba amene akufunsa aliyense wotsika basi ngati anakumana ndi mwana wao. Chibale ndi fupa, sichiola, koma munthu angathe kufa asanalionenso fupa lakelo.

Sindikuyamikiranso kuba kwa Edward ndi anzake. Achinyamata amene mukuwerenga tsamba lino, kapena amene mukuwerengera agogo anu, musatengere zimenezo. Ngati muli ndi luso la kuimba, kuvina kapena zisudzo, lisamaleni, koma sukulu musaisiye, ndipo khasu kapena ntchito ya manja musainyoze. Kumbukirani kuti mlembi wa bukuli anadikira zaka 38 kuti dzina lake lidziwike.

Kwa inu makolo anzanga, pempho langa ndi ili. Mwana akabwera ndi khumbo limene simukulimvetsa, muuzeni kuopsa kwake monse m'mene mukudziwira. Ngati ndalama palibe, nenani kuti palibe. Ngati zilipo, panganani: amalize kalasi, aphunzire ntchito, kenako akayese mwayi wake. Akabwera ndi nkhani ya mumtima imene ikukuwawani, khalani pansi, itanani malume wake kapena azakhali ake amene amamumvetsa, mulankhule usiku wonse ngati kuli kofunika. Mukhoza kusiyana maganizo zaka zambiri. Koma mphasa yake musaitulutse panja, ndipo mbale yake ikhalebe pamodzi ndi mbale zinzake.

Edward wa m'buku anali ndi mwayi, anapeza nyumba ina yomulandira. Ana athu ambiri mwayi umenewo alibe. Nyumba yao ndi imodzi yokha, ndiyo yanuyo.