Logo ivina, bundle yasila, mtengo sin'nauone

Pa Citatu mlungu watha n'nakwela basi m'tauni yopita ku Chelstone ca m'ma 17 hours. Mudziwa mmene Great East Road imakhalila nthawi imeneyo. Pa Manda Hill mungatsilize cimanga cowocha basi isanasunthe. Mwana wa mlongosi wanga ali na kicheni pate kumapeto kwa mwezi, ndipo ise azimalume tinagwilizana zosonkha ndalama zomugulila kabati. N'nati lekani nione mitengo tili pa mzele. N'natsegula webusaiti ya shopu ina yogulitsa mipando na makabati.

Coyamba kubwela cinali logo. Inazungulila, inakula, n'kusanduka tunyenyezi. Kenako vidiyo ya banja losekelela pa sofa inayamba yokha, ikuima-ima monga basi yathu. N'nakhudza penapake mosadziwa, nyimbo n'kulila basi yonse. Kondakitala ati, "Ba boss, ndimwe DJ wathu lelo?" Pofika pa Arcades meseji inabwela: bundle yasila. Mtengo wa kabati sin'nauone.

Musaganize kuti nizonda zithunzi zoyenda pa webusaiti. Kumbukilani mmene timagulila zinthu kuno. Ku Kamwala mzimayi sagula citenge asanacikoke na kucionetsa ku dzuwa. Ku Kalingalinga mpando umayamba waukhalila, kuugwedeza, kuuyang'ana kunsi. Pa foni zimenezi sizitheka, ndiye apa m'pamene vidiyo ingathandize, ngati igwila nchito imene dzanja likanagwila.

Tsiku lotsatila mnzanga ananipatsa namba ya kalipentala wina wa ku Kalingalinga. Alibe webusaiti. Ananitumila ka vidiyo ka masekondi 20 pa WhatsApp: watsegula zitseko za kabati, wakoka dilowa n'kuibweza, wagogoda thabwa kuti nimve kulimba kwake, waonetsa na kumbuyo kumene ambili amabisa mapulanga oonda. Pothela anachula mtengo. Munthu uja sanaphunzile zopanga mawebusaiti, koma anadziwa cimene wogula afuna kuona.

Nanga shopu yaikulu inalakwitsa pati? Nikhulupilila kuti webusaiti ija inaoneka bwino kwambili tsiku limene anaionetsa kwa mwini shopu. Anakhala mu ofesi, pa laputopu, na wifi yothamanga, logo n'kuvina popanda cododometsa, bwana n'kuomba m'manja na kulipila. Palibe anaiyesa pa ka itel kapena Tecno kodzala na mavidiyo a m'magulu a chechi na a malilo, batili ili pa 15 pelesenti cifukwa malaiti anapita m'mawa. Caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, tonse tinaphunzila kuwelenga batili monga ndalama. Zovina-vina zija zimadya zonse ziwili, bundle na batili, ndipo wolipila ni wogula, osati mwini shopu. Cili monga kulipilitsa munthu pa geti asanaone na katundu yemwe.

Si nkhani ya kuno cabe. Kale mu 2016 a Google anapeza kuti anthu opitilila theka amathawa peji ya pa foni ngati yatenga masekondi opitilila atatu kuti itseguke. Flash, pulogalamu imene inali mayi wa ma logo ovina, anaitseka kumapeto kwa 2020. Ngati azungu a intaneti yothamanga anatopa nazo, kuli bwanji ise ogula bundle ya tsiku limodzi?

Acinyamata athu opanga mawebusaiti ali na luso, ndipo nifuna kuti apeze ndalama. Cimene nipempha n'cakuti vidiyo iziyembekezela kuti ine niikhudze. Poyamba nione cithunzi cimodzi copepuka na mtengo mu kwacha, osati "tumani foni kuti mudziwe mtengo", mau amene amanipangitsa kuganiza kuti mtengo umadalila nsapato zimene wavala. Nikasankha saizi ya kabati kapena mtundu wa penti, mtengo usinthe pamenepo nione. Kuyenda-yenda kwa conco n'kwa phindu, cifukwa kwayankha funso langa. Mwini loji angaonetse cipinda cozungulila na cala, bafa na zenela lomwe, munthu asanatumize ndalama pa mobile money. Ndipo mapu aikepo, pamodzi na mau a mmene timalondolelana njila mu Lusaka muno: mukatsika pa filling station, lowani kumanzele, geti yobiliwila.

Wina adzati, "Iwe, webusaiti ija si ya anthu a m'minibasi. Ifuna makasitomala a ku Kabulonga." Cabwino. Koma bwana wa ku Kabulonga nayenso amakhala pa mzele umodzi-modzi na ise pa Manda Hill, foni m'manja, ndipo sin'namvepo wolemela akudandaula kuti peji yatseguka msanga. Komanso ndalama za kicheni pate, za mayunifomu na za mabokosi a malilo zimacokela m'matumba a anthu okhala anayi-anayi pa mpando wa basi. Tikasonkha azimalume asanu, ndife kasitomala wamkulu.

Kwa eni mabizinesi, musanalipile wokupangilani webusaiti, mubwelekeni foni ya wanchito wanu wa pa geti, mumugulile bundle yaing'ono, mukwele naye basi ya ku Matero kapena ku Chawama nthawi ya kuweluka. Ngati mwafika kumene mupita musanaone mtengo wa katundu wanu, abwelele akakonze.

Kabati tinagula kwa kalipentala uja. Ibwela pa Ciwelu na Canter, ndipo ya transport tikali kukambilana.