Nyanja idachenjeza, koma uthenga sudafike kumunda

Ife alimi a ku Petauke ndi Nyimba tili ndi dandaulo kwa inu akuluakulu oona zanyengo ndi zaulimi, ndipo tikupempha kuti mutimvere.

Ambiri mwa ife sitinaonepo nyanja yamchere, koma chimanga chathu cha 2024 chidaphedwa ndi madzi a nyanja ya Pacific. Zaka zambiri mphepo imakankhira madzi ofunda a nyanjayo kumadzulo, chakufupi ndi Indonesia, ndipo kugombe la Peru kumatumphuka madzi ozizira ochokera pansi. Mphepoyo ikafooka, madzi ofunda amabwerera kummawa, mitambo nkuwatsatira, ndipo kuno kummwera kwa Africa mvula imachepa kutentha nkukula. Ndiye El Niño ameneyo. Chakumapeto kwa 2023 madzi a nyanja ya Indian kufupi ndi Kenya ndi Somalia nawo adafunda kuposa kale, anzathu kumeneko nkumira m'madzi osefukira, ife kuno tikudikira mitambo.

Chotiwawa nchakuti zimenezi sizidabwere mobisala. Madzi a m'nyanja safunda usiku umodzi. Pofika mu Julaye 2023 akatswiri a zanyengo padziko lonse anali atalengeza kale kuti El Niño wayamba. Apo nkuti ife tisanagule mbewu, tisanagulitse mbuzi kuti tipeze fetereza, makasu akadali m'nyumba. Nanga uthengawo udathera pati? Udamveka pa wailesi, inde, koma m'mawu a kusukulu oti mvula ikhala yocheperako kusiyana ndi nthawi zonse. Mayi wa m'dera la Mfumu Nyalugwe kapena Mfumu Luembe, m'chigwa cha Luangwa momwe kumatentha ndi kale, mawu otere achita nawo chiyani? Iye amafuna kumva kuti chaka chino abzale mapira, khobwe ndi chinangwa, chimanga chikhale chocha msanga. Ndipo akamva, mbewuyo aipeze pafupi. Ife tidabzala chimanga monga mwa nthawi zonse, chifukwa ndicho chidalipo.

Mvula idadula kumapeto kwa Januwale chimanga chikumasula, nthawi imene chimafuna madzi kwambiri. Febuluwale yense dzuwa lidaswa mtengo. Masamba adapota, kenako adauma, fetereza wangongole ali m'nthaka. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala: maboma 84 mwa 116 adakhudzidwa, ndipo pafupifupi mahekitala 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga adaonongeka. Madzi atatsika ku damu la Kariba magetsi nawo adasowa, zigayo nkuima, ngakhale amene anali ndi kachitini ka chimanga nkumasowa kogayitsa. Zitsime zidaphwa msanga. Amayi ankafukula mchenga m'mitsinje, ng'ombe zikugulitsidwa pamtengo wolira.

Thandizo la chakudya ndi ndalama lidafika kwa ena, ndipo sitikulinyoza. Koma lidabwera nkhokwe zili kale mbee. Akuluakulu athu amakumbukira chilala cha 1992, ndipo ana athu omwe adaona cha 2016. Zonsezi zidadza ndi El Niño. Chinthu chobwerabwera chotere sichiyenera kumatipeza ngati mlendo wadzidzidzi.

Tikupempha kuti madzi a Pacific akayamba kufunda, alangizi afike m'midzi mu Ogasiti kapena Seputembala, alankhule m'Chinsenga ndi m'Chinyanja, kudzera kwa mafumu, m'matchalitchi ndi m'makopaletivu. Mbewu zopirira chilala zifike pamodzi ndi uthengawo, osati mu Disembala. Ndiponso musatilankhulire ngati Chigawo cha Kummawa ndi munda umodzi: kumtunda kwa Petauke ndi kuchigwa kwa Nyimba mvula ndi kutentha nzosiyana. Timangireni madamu ang'onoang'ono ndipo mukonze mijigo yakufa, kuti madimba atipulumutse chaka chimene munda wakana.