Nkhwangwa Yamwala ndi Mahari ku Youtefa

Atobati amakhala ku Jayapura, m'chigawo cha Papua ku Indonesia. Midzi yawo ya Tobati ndi Enggros ili pamwamba pa madzi a ku Youtefa, nyumba zake zokhazikidwa pamizati. Ambiri ndi Akhristu chifikireni Uthenga Wabwino pachilumba cha Metu Debi mu 1910. Koma mzindawu wadzaza ndi alendo a ku Java ndi Sulawesi, ambiri mwa iwo Asilamu, ndipo ana a mbali ziwirizi akamafunana, mwambo ndi Sharia zimakumana pamkeka umodzi.

Pachitobati ukwati ndi nkhani ya mafuko awiri. Mnyamata amafunsira kunja kwa fuko lake, ndipo abale ake amasonkherana malowolo. Chuma chenicheni ndi mikanda yakale ndi nkhwangwa zamwala, ngakhale masiku ano ndalama nazo zalowapo. Kuchikazi katunduyo amagawana pachibale. Amene akuti uku n'kugula munthu sanaone bwino. Amene wasonkha lero adzamusonkhera mawa, ndipo banja likayamba kugwedezeka, onse amene anapereka kapena kulandira amathamangirako. Amalawi a kumpoto, kumene ng'ombe zimagwira ntchito yomweyi, safunika kuwafotokozera zambiri.

Chisilamu chimayang'ana kwina. Nika, womwe ndi mwambo womanga ukwati wa Chisilamu, imafuna wali, yemwe ndi womuimira mkazi, mboni ziwiri, ndi mawu opereka ndi olandira. Mahari, chuma chimene mwamuna amapereka pa nika, ndi a mkwatibwi yekha. Bambo ake kapena amalume ake alibe gawo pokhapokha iye atawapatsa mwakufuna kwake. Apa Sharia yaona chimene mwambo umatha kuphonya. Chuma chikhoza kuzungulira mudzi wonse koma mwini ukwatiyo osagwirako kanthu. Komanso malowolo akakwera, achinyamata amangolowana popanda nika, chinthu chimene Chisilamu chimaletsa.

Kwa ine mkangano wa chumawu ndi wosavuta kuthetsa. Malamulo a Chisilamu amalola mwambo wa anthu, umene amautcha urf, malinga ngati sukuphwanya chiphunzitso. Nkhwangwa ipite kwa abale monga ulemu, mahari apite m'manja mwa mkazi, aliyense adziwe kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Povuta ndi pa wali. Lamulo la maukwati la Indonesia la 1974 limati ukwati ndi wovomerezeka ukachitika motsatira chipembedzo cha okwatiranawo, ndipo mpukutu wa malamulo a Chisilamu wa 1991 umaletsa Msilamu kukwatirana ndi wachipembedzo china. Mu 2023 khothi lalikulu la dzikolo linalangizanso oweruza kuti asamalole kulembetsa maukwati otere. Tsono mtsikana wa Chitobati wofunana ndi Msilamu nthawi zambiri amayenera kulowa Chisilamu. Akatero, bambo ake Achikhristu sangakhale wali wake. M'malo mwawo mumaima mkulu wa ofesi ya boma yoona za chipembedzo, ya KUA.

Taganizani bambo amene analera mwana, amene fuko lonse likuwadziwa kuti ndiwo eni ake, tsiku la ukwati n'kungokhala pambali, mlendo akupereka mwana wawo. Zimapweteka, ndipo sindinganene kuti akudandaula zachabe. Komabe shehe amene wakana kusintha sakunyoza munthu. Kwa iye nika ndi chipembedzo, ndipo alibe mphamvu yochotsa mzati wake pofuna kukondweretsa apongozi. Kumuumiriza n'kuuza mtsikanayo kuti chikhulupiriro chimene wasankha n'chongoyerekeza.

Pa wali, Sharia isiyidwe momwe ilili, chifukwa amene walowa Chisilamu walola malamulo ake. Koma chifukwa cha chomwechi, akuchimuna alibe chowiringula pothawa mwambo. Apite kwa makolo a mtsikanayo ndi akuluakulu a fuko lake, akafunsire moyenera, apereke mikanda ndi nkhwangwa nika isanachitike. Chisilamu chomwecho chimalamula kuchitira zabwino makolo ngakhale asali Asilamu, ndipo mashehe a ku Jayapura azikumbutsa akwati lamulo limeneli asanawamangitse nika.