Ziphaso zitaima m'pamene tidadziwa kuti makina amafuna mlonda

Mu February 2024, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zathyola makina osindikizira ziphaso zoyendera kunthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo zikufuna dipo. Iye adanenetsa kuti boma silipereka ndi khobidi lomwe. Padapita milungu ingapo ziphaso zisakutuluka.

Ku Lilongwe nkhaniyi idasanduka ya ndale, ena akuti panalibe mbava, koma zidali zotsalira za mkangano wa boma ndi kampani ya Techno Brain, yomwe mgwirizano wake udathetsedwa mu 2021. Ku Mangochi idali nkhani ya chakudya cha pakhomo. Boma limeneli, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, limatumiza anyamata ochuluka ku Joni, ndipo lili ndi ofesi yakeyake ya ziphaso. Chiphaso chikachedwa, ulendo umaima kapena mnyamata amadzera njira zozemba, ndipo ndalama zomwe banja la ku Makanjira kapena ku Namwera limayembekezera zogulira feteleza ndi malata zimachedwanso.

Kaya chidachitika nchiyani m'makinamo, funso lidatsala ndi limodzi: kodi tili ndi anthu athu okwanira odziwa kutchinjiriza makina a boma, a mabanki ndi a makampani a lamya?

Wogula nsomba ku Msaka kapena ku Makawa masiku ano sayenda ndi mpukutu wa ndalama m'thumba, amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Akathyali nawo adatsatira ndalamazo. Ndani sadalandirepo uthenga woti ndalama ija itumizidwe pa nambala ina? Bungwe la Macra lidanenapo kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo chotere, ndipo malipoti akhala akusonyeza kuti ena mwa mauthengawa amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Kalembera wa masimukhadi yemwe adachitika mu 2018 sadathetse mchitidwewu.

Ntchito ya mlonda wa makina si ija timaonera m'mafilimu. Gawo lalikulu ndi lotopetsa: kuyesa zitseko za makina mwiniwake atavomereza, mbava zisadaziyese; kuwerenga zolembedwa za yemwe walowa ndi nthawi yomwe walowera; kusunga makope a zonse pamalo ena kuti makina akagwidwa ntchito isaime; ndi kuonetsetsa kuti makiyi a makina ali m'manja mwa eni ake, osati mwa kampani yomwe idawagulitsa yokha. Pakachitika mlandu, ndiye amasonkhanitsa umboni woti ukaime m'bwalo la milandu.

Malamulo ofuna anthu otere alipo kale. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lidakhazikitsa nthambi ya CERT pansi pa Macra kuti izithandiza makina akaukiridwa. Lamulo la Data Protection lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2024 limakakamiza mabungwe osunga mbiri za anthu kuti aziziteteza ndi kudziwitsa Macra mbirizo zikabedwa. Chipatala, banki, hotelo ya m'mbali mwa nyanja yosunga mayina ndi nambala za ziphaso za alendo, onsewa lamuloli likuwakhudza. Choncho ntchito ilipo. Chovuta ndi njira yofikira pantchitoyo.

Sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Ndata, m'boma la Thyolo, ili ndi digiri ya Computer Systems and Security, ndipo MUBAS, UNIMA ndi Mzuni zimaphunzitsa za makompyuta. Koma olemba ntchito ambiri safuna digiri yokha. Amafunsanso masatifiketi a kunja monga Security+ ndi CISSP, omwe mayeso ake amalipiridwa m'madola. A CISSP amapitirira madola 700, ndipo amafuna kuti munthu akhale atagwira ntchitoyi zaka zisanu. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengowo m'makwacha udakwera kwambiri, osanenanso za kusowa kwa madolawo m'mabanki. Wophunzira wanzeru wochokera kubanja la msodzi amathera pamenepo.

Mbali yomwe sitiikamba mokwanira ndi ya aphunzitsi. Pantchito imeneyi nzeru zimaguga msanga, popeza njira yomwe mbava zidagwiritsa ntchito chaka chatha chaka chino yatsekedwa ndipo zapeza ina. Mphunzitsi yemwe sadakhalepo usiku wonse akulimbana ndi makina ogwidwa amaphunzitsa zolemba zakale, ngakhale atakhala wakhama chotani. Koma katswiri yemwe wadutsamo amakokedwa ndi mabanki ndi makampani a lamya, kapena amagwirira ntchito makampani a kunja ali pakhomo pake, akulandira madola. Sukulu ya boma singapikisane nawo pamalipiro. Chomwe ingathe ndi kutsegula khomo kuti akatswiriwa aziphunzitsako maola ochepa pamlungu, ndi kutumiza aphunzitsi ake kukakhala miyezi ingapo m'makampani. Kuchita zimenezi sikulira nyumba yatsopano, kumangofuna kuti akuluakulu a sukulu asiye kuona digiri ya masitazi ngati chiphaso chokhacho cholowera m'kalasi.

Chodabwitsa nchakuti nkhani zonsezi zimakambidwa ku Mangochi komweko. Bungwe la akatswiri a za makompyuta la ICTAM lachititsapo misonkhano yake ya pachaka m'mahotelo a m'mbali mwa nyanja m'bomali. Nthumwi zimakamba za chitetezo cha pa intaneti masiku awiri kapena atatu, nkukwera galimoto kubwerera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, zikudutsa masekondale oyendera momwe ana ambiri amafika Folomu 4 asadagwirepo kompyuta. Phunziro la makompyuta pamayeso a MSCE ndi losankha, ndipo sukulu yopanda magetsi ndi makina silingaliphunzitse. Nthumwizo zikadapatula tsiku limodzi lokha kukacheza ndi ophunzira a m'masukuluwo ndi a pa DMI St John the Baptist, mwana wa ku Malindi akadamva koyamba kuti ntchito yotere iliko.

Pali uphunzitsi winanso womwe sufuna digiri. Chinyengo chambiri cha pa lamya sichithyola makina, chimangonyengerera munthu kuti atumize yekha ndalama kapena aulule nambala yake yachinsinsi. Wofunika pamenepa ndi munthu wodziwa ntchitoyi yemwe angakhale pansi ndi maejenti a ndalama za pa lamya, magulu a banki nkhonde ndi makomiti a asodzi, nkuwalongosolera m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe akathyali amachitira. Wailesi za Dzimwe ndi Radio Maria zili m'boma momwemo, ndipo zimamveka mpaka kumadooko komwe ndalamazo zikubedwa.