Ka honda ka Koguma: katuni yodziwa kulema kwa woyenda pansi

Ngati mumaonelela makatuni a ku Japan pa foni pamene basi icedwa kudzala pa Kulima Tower, siyani pang'ono aja omenyana na malupanga. Funani Super Cub, ya mu 2021. Ili na magawo 12 cabe, ndipo nkhani yake ni ya mayendedwe, vuto lathu la tsiku na tsiku.

Koguma ni mtsikana wa ku sekondale mu tauni ya Hokuto, ku Yamanashi. Atate ake anamwalila, amai ake anamuthawa, anzake alibe. M'mawa uliwonse apalasa njinga pa citunda, afika ku sukulu ali wefuwefu. Ndiye apeza ka honda kakale pa 10,000 yen, kochipa cifukwa wogulitsa akuti anthu atatu anafa nako. Kuno njinga yamoto iliyonse timati honda. Yake ni Honda yeniyeni, mtundu wa Super Cub umene unayamba mu 1958, ndipo pofika 2017 anali atapanga 100 miliyoni.

Mphamvu ya katuni iyi ili pa tinthu tung'onotung'ono. Usiku woyamba kutuluka nako, petulo yamuthela pa shopu, alibe womuitana. Atsegula kabuku ka malangizo, apeza kuti muli petulo ina yosungila. Mphepo imulasa m'maso, agula magalasi a anthu ogwila nchito. Mvula imukwapula, afunafuna renikoti, apenda mtengo kawili asanatulutse ndalama. Amene anawelengapo makoini m'thumba kondakita asanafike pa mpando wake, apa adzagwedeza mutu. Ndipo injini ikalila, mitundu ya pa sikilini, imene inali yofuwa, iwala mwadzidzidzi. Palibe wolila, palibe wolalikila. Uona cabe kuti mwana wakula: manje asankha yekha kokhotela, nthawi yonyamuka sapempha kwa munthu. Ngakhale cinzake na Reiko ciyamba na kukamba za mashini, osati za mumtima, monga mmene ambili a ife timapezela anzathu.

Koma ningakuname nikati zonse zili bwino. Nthawi zina uona monga ni malonda a Honda. Coipa maningi cili mu gawo 11. Mnzake wina, Shii, agwela mu mtsinje m'nyengo yozizila koopsa, atuma foni. Koguma m'malo moitana ambulansi, athamanga yekha, amunyamula mu basiketi ya kutsogolo, ulemu wonse nkupita kwa ka honda. Iyayi mwe! Olemba anakonda mashini kupambana mwana wozizidwa uja, ndipo zinzelu zonse zimene Koguma anationetsa m'magawo 10 anazitaya mu mtsinje momwemo.

Umphawi wake nawonso ni woyela kwambili. Akhala yekha m'nyumba yaudongo, ndalama ya thandizo la sukulu ibwela, kulibe landilodi wogogoda pa citseko. Mtsikana wa ku Kanyama angafunse kuti, kuvutika kwake kuli pati?

Ngakhale n'telo, ine niti onelelani, maka-maka magawo oyambilila. Koma valani mahedifoni. Mbali yaikulu ni zii, na piyano ya Debussy patalipatali, ndipo kondakita akayamba kukuwa kuti "Town! Town!" simudzamva ciliconse.