Madola 200 miliyoni, koma sitima ikugonja kwa galimoto imodzi

Munthu waimika galimoto yake mopyola pang'ono mzere woyera m'mphepete mwa H Street, walowa m'sitolo. Kumbuyo kwake kwaima sitima yamagetsi yoyenda mumsewu, muli anthu othamangira ku ntchito, ikuliza belu. Singakhote. Idikira mpaka mwini galimoto atuluke, kapena mpaka ibwere galimoto yodzaikoka. Umu ndi mmene DC Streetcar inkayendera mumzinda wa Washington, likulu la dziko la America. Njanji yake sinkakwana makilomita 4, masiteshoni anali 8, ndipo inadya ndalama pafupifupi madola 200 miliyoni. Zimenezi zimandipsetsa mtima, chifukwa sitima za mumsewu ndi chinthu chabwino, ndipo amene akuziipitsira mbiri ndi anthu olemba mapulani mwamantha.

Ndikumva kale bwana wa mapulani akukonza pakhosi. Akuti vuto ndi madalaivala osamvera malamulo. Ayi bwana, musatinamize. Ndani anajambula njanji m'mphepete mwa msewu, mogundana ndi malo oimikapo magalimoto? Pensulo inali m'manja mwa dalaivala? Basi ikapeza galimoto itafa kutsogolo imakhotera kumbali n'kupitirira. Sitima imaima. Ngakhale mwana wa sukulu angaone kuti chinthu chosakhota chiyenera kupatsidwa njira yakeyake, yosalowamo wina. Koma kuti njira imeneyo ipezeke pamafunika kulanda malo oimikapo magalimoto kapena mbali ina ya msewu, ndipo eni magalimoto ndi eni masitolo amakalipa, amalemba makalata, amaopseza za mavoti. Andale anafuna sitima yonyezimira yoti ajambulitse nayo zithunzi, anafunanso kuti pasapezeke wowakwiyira. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ndipo mantha amenewa anayenda limodzi ndi phuma. Washington inali itachotsa sitima zake zakale za mumsewu mu 1962. Patapita zaka zambiri mzindawo unalengeza maloto a njanji zokwana makilomita pafupifupi 60, zodutsa mbali zonse. Sitima zitatu zoyamba zinagulidwa ku kampani ya Inekon ya ku Czech Republic poyendapo pasanakonzeke. Zinakhala zaka zikungosungidwa, poyamba kwawo komweko, kenako ku Greenbelt m'chigawo cha Maryland. Uku ndiye kugula mbereko mwana asanabadwe. Njanji za pa H Street zinali zitayalidwa pofika 2011, koma wokwera woyamba anakwera pa 27 Febuluwale 2016. Pa makilomita 60 olonjezedwa aja, anthu analandira osakwana 4.

Tsopano tifike pa masiteshoni, pamene pagona nkhani yeniyeni. Njanji ya mumzinda imaweruzidwa ndi nsonga zake ziwiri: ikuchokera kuti, ikuthera kuti? Kumadzulo, sitimayi ankati imafika ku Union Station, siteshoni yaikulu ya sitima zapansi pa nthaka ndi zopita kumizinda ina. Kufika kwake n'kotani? Inkakutsitsani pamwamba pa mlatho, kuseri kwa siteshoniyo, ndipo munkayenera kuyenda pansi kudutsa m'nyumba yoimikamo magalimoto ndi mabasi, kutsika masitepe, kuti mukapeze sitima ina. Taganizirani mayi wobereka mwana, dzanja lina chikwama. Taganizirani agogo oyendera ndodo m'nyengo ya chisanu. Bwana, munayendapo mtunda umenewo mutanyamula katundu, kapena munangouyeza ndi rula pa tebulo?

Kum'mawa ndiye kopweteka zedi. Njanji inkathera pa Oklahoma Avenue, mtsinje wa Anacostia usanawolokedwe. Kutsidya kwa mtsinjewo kuli Ward 7, dera lokhala anthu akuda ambiri, la mabanja ambiri opeza movutikira amene amadalira basi tsiku ndi tsiku. Anthu amene sitima ikanawathandiza kwambiri ndi amenewo, ndipo ndi amenewo amene njanji inawasiya ikuwaona. Mapulani oitalikitsa makilomita pafupifupi 3 kuti ikafike pa siteshoni ya Benning Road analipo, koma ndalama zake zinkangokankhidwira kutsogolo chaka ndi chaka. Ndalama zofikitsira njanji pakhomo pa malo odyera a pa H Street zinapezeka. Zoolokera mtsinje zinasowa. Mukufuna tikhulupirire kuti zinangochitika mwangozi?

Mumsewu womwewo munkayenda kale basi ya X2. Inkachokera kutsidya kwa mtsinje, n'kudutsa H Street yonse, n'kukalowa pakati penipeni pa mzinda. Inkapita kutali kuposa sitima mbali zonse ziwiri, ndipo ikapeza chotchinga inkazemba. Ndiye wantchito wothamangira nthawi akwerenji sitima yomusiya panjira? Bwana akuti, "Komatu sitimayi inali yaulere." Zoona, palibe amene ankalipira. Koma abwana a kuntchito salandira chifukwa chakuti ndachedwa poti ndinakwera yaulere. Kwa munthu wolipidwa pa ola, mphindi zotayika ndi ndalama yotuluka m'thumba.

Akapanikizika, bwana amathawira ku chitukuko. Akuti taonani H Street lero: nyumba zosanja zatsopano, malo odyera, sitolo ya Whole Foods. Msewu umenewu unatenthedwa pa zipolowe za mu 1968 Martin Luther King ataphedwa, ndipo unakhala zaka zambiri uli bwinja. Kudzuka kwake ndi chinthu chokondweretsa, sindikutsutsa. Koma madera enanso a Washington, monga U Street ndi 14th Street, anadzuka popanda sitima ya mumsewu. Ndipo ngati cholinga chinali kukweza mitengo ya malo, bwanji simunanene poyera kuti mukumanga chikwangwani chokopera ogula nyumba? Munatenga ndalama za okhometsa msonkho m'dzina la mayendedwe. Sitima ntchito yake ndi kunyamula anthu, kuwachotsa komwe amagona n'kuwafikitsa komwe amagwira ntchito, mofulumira ndiponso pa nthawi yodziwika. Ikalephera pamenepo, utoto wake wofiira ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musandiuze kuti n'zosatheka. Casablanca, ku Morocco, inatsegula njanji yake yoyamba mu Disembala 2012: makilomita 31, masiteshoni 48, sitima zikuyenda m'njira yawoyawo. Njanjiyo inayambira ku Sidi Moumen, dera la anthu osauka kum'mawa kwa mzinda, n'kudutsa pakati pa tauni mpaka kumasukulu aukachenjede ndi kugombe la nyanja ku Ain Diab. Anthu anaikwera, mzinda unawonjezera njanji yachiwiri mu 2019, kenako yachitatu ndi yachinayi mu 2024. Morocco ndi yolemera kuposa America? Ili ndi mainjiniya anzeru kuposa a ku Washington? Kusiyana n'kwakuti kumeneko analimba mtima kuuza galimoto kuti ipatuke, ndipo anayamba ndi funso lakuti anthu ambiri akukhala kuti.

Mu 2025, sitimayi isanakwanitse zaka 10 ikunyamula anthu, meya Muriel Bowser analengeza kuti idzachotsedwa, m'malo mwake mudzayenda mabasi amagetsi. Tsopano adani a mayendedwe a anthu onse apeza chonena: taonani, sitima za mumsewu n'zowononga ndalama. Bodza limenelo mwawapatsa ndinu, bwana, ndi njanji yanu yoduka nsonga zonse ziwiri. Ndiye tiyankheni mabasiwo asanagulidwe. Adzakhala ndi njira yawoyawo pa H Street, kapena mudzanjenjemeranso pamaso pa eni magalimoto? Adzaoloka Anacostia tsiku loyamba, kapena anthu a ku Ward 7 mudzawauzanso kuti adikire bajeti ya chaka chamawa?