Njinga Yolumikiza Si Yochititsa Manyazi

Ndiloleni ndinenepo mawu pang'ono za njinga zimene anyamata ena a kuno ku Namwera amadzipangira okha ndi zitsulo zakale. Ambiri a ife timaziseka njinga zimenezi chifukwa fulemu ndi ya Humber, mahandulo ndi a Hero, chishalo anachita kumanga ndi mphira, ndipo penti anatha kalekale. Ine ndili nayo njinga yotere, ndipo ndikuti kuseka kumeneku n'kulakwa.

Choyamba, taganizani za mtunda. Ena a ife timachokera kumidzi yakutali, kuseri kwa minda ya fodya, ndipo woyenda pansi amafika m'kalasi atatopa, phunziro loyamba litatha. Njinga yatsopano ifuna ndalama zambiri zimene makolo athu sangazipeze msanga. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Njinga yadzimbiri imene yakufikitsa pasukulu belu lisanalire iposa yonyezimira imene ili m'sitolo.

Chachiwiri, kumanga njinga ndi sukulu ndithu. Amene wamanga yekha wilo la masipoko 36 waphunzira kudekha, pakuti ukalimbitsa mbali imodzi yokha limu limapindika. Waphunziranso masamu. Giya lakutsogolo likakhala ndi mano 44 ndipo lakumbuyo mano 22, ukapalasa kamodzi tayala lizungulira kawiri. Ukaika la mano 18 kumbuyo njinga ithamanga kwambiri pachidikha, koma pachitunda ulira nayo. N'chifukwa chake ine ndinasankha giya lalikulu kumbuyo, poti dziko lathu lino ndi lamapiri. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene m'chaka cha 2002 anapanga makina amphepo opereka magetsi ndi njinga yakale ya bambo ake ndi zitsulo zotola kudzala. Nayenso anthu anamuseka poyamba.

Chachitatu, si ife tokha ayi. Ku America kuli anthu amene amamanga magalimoto ndi njinga ndi zitsulo zakale, nasiya dala dzimbiri lioneke. Iwo amazitcha rat rod, ndipo amazinyadira chifukwa palibe ziwiri zofanana. Ngati iwo amene angathe kugula zatsopano anyadira ntchito ya manja awo, nanga ife tichitirenji manyazi?

Komabe ndili ndi mawu kwa omanga anzanga. Njinga ingathe kusowa penti, madigadi ndi keliyala, koma isasowe mabuleki. Nonse muudziwa msewu wochokera ku Chiponde umene umatsetsereka mapiri mokhotakhota mpaka kukafika pa mlatho wa Shire ku Mangochi. Pamenepo pamadutsa magalimoto akuluakulu, ndipo kuponda tayala ndi nsapato, monga ena amachitira, sikungaimitse njinga imene yanyamula anthu awiri. Ena amataya ndalama pa magalasi anayi ndi maluwa a mapepala, mphira za mabuleki zili zodyeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gulani mphira zatsopano za mabuleki onse awiri. Foloko yothyoka musawotcherere, pezani ina, chifukwa ikaduka pamtsetse nkhope ndiyo imayamba kufika pansi. Mukatha kumanga, pitani nayo kwa wokonza njinga pamsika aione. Safunsa anadya phula.

Ndiponso chitsulo chilichonse chikhale chopempha kapena chogula. Amene amasula belu kapena pedulo panjinga ya mnzake si mmisiri, ndi mbala, ndipo aipitsa mbiri ya tonse.

Potsiriza ndipempha aphunzitsi athu kuti atilole kuyambitsa kagulu kokonza njinga tikaweruka, anyamata ndi atsikana omwe, pakuti asungwana nawonso amayenda mitunda yomweyi. Masipanala ochepa, pampu imodzi ndi mthunzi wa mtengo zikwanira poyamba. Tifunseni makolo ngati kuseri kwa nkhokwe kuli fulemu imene yangogona. Ndipo inu oseka, bwerani mudzagwire sipanala tsiku limodzi, tidzaone ngati mudzasekanso.